Nkhope ya Dalaivala Tikuifuna Kuti Titani Nayo?

Anzanga, papita masabata atatu chichitikireni ngozi ija ya pa senta, koma nkhani yake sikuzizira. Pa buleki ndi yomweyo, pa mjigo ndi yomweyo, ngakhale pamzere wa asembule anthu akunong'onezana yomweyo. Ine ndakhala ndikumvetsera, ndipo ndaona chinthu chimodzi. Dzina la mwana amene anamwalira uja silikumvekanso. Zimene zikumveka ndi za dalaivala. Ndi wa kuti? Ali ndi akazi angati? Amapemphera mpingo wanji? Chithunzi chake unachiona? Ndiye ndati nanenso ndilembepo, poti khomali ndi la tonse.

Ndiyambe ndi kudziulula, kuti wina asati ndikudziyesa mngelo. Tsikulo linali Loweruka la msika ndipo ine ndinali kuchigayo. Titamva kulira kwa mabuleki ndi kukuwa kwa amayi, ndinasiya thumba la chimanga pamzere n'kuthamangira komweko ngati wina aliyense. Ndinapeza lole itaima chopingasa, chitseko chili chotsekula, mwini wake kulibe. Anyamata ena anali atatola kale miyala. Wina anakwera kutsogolo kwa loleyo n'kutulutsa kachikwama, ndipo mafoni anayamba kujambula laisensi imene inali m'menemo. Madzulo ake ine ndemwe ndinapempha achimwene kuti andionetse pa foni yawo. Ndinachita kukulitsa chithunzicho ndi zala kuti ndione bwino maso a munthuyo. Sindikudziwa kuti ndinkafuna kupezamo chiyani. Anali maso a bambo wamba, ngati a bambo a aliyense wa ife.

Mwina mwaiwala, koma chithunzi choyamba chimene chinazungulira pa WhatsApp sichinali cha laisensi ija. Chinali cha mnyamata wa malaya a magazi, ataima m'mbali mwa msewu manja ali m'mutu. Pansi pake analembapo kuti wakupha uja ndi ameneyu. Pambuyo pake zinadziwika kuti anali kondakitala wa minibasi ina, ndipo magaziwo anamudetsa chifukwa ndi amene ananyamula mwanayo kuti athamangire naye kuchipatala. Munthu yekhayo amene anagwira mwana pamene ena tonse tinkangoyang'ana, ndi amene anagona masiku awiri osatuluka m'nyumba poopa kumenyedwa. Alipo amene anapita kukamupepesa? Ine sindinamve. Amene anatumiza chithunzicho ena anangofufuta mwakachetechete, ena sanafufute n'komwe.

Kenako zinabwera nkhani zija. Eti anali ataledzera. Eti lole imene ija ndi yokhwimira, imafuna magazi chaka ndi chaka kuti bizinezi iyende. Lolemba tinamva kuti anaphapo kale munthu mmodzi kwinakwake. Pofika Lachinayi anthuwo anali atakwana anayi. Ukafunsa kuti wamva kwa ndani, yankho lake ndi lakuti zikumveka. Ngakhale katchulidwe kanasintha. Munthu amene kale tikadamutchula kuti bambo aja, lero ndi "chidalaivala chija".

Tsono chimene chandichititsa kuti ndigwire cholembera ndi ichi. Njira imene ndimadzera pobwera kusukulu imadutsa pafupi ndi khomo la bambowo. Sinditchula kuti ndi pati, ndipo amene mukudziwa musandithandize kutchula. Zaka ziwiri ndakhala ndikudutsapo osaganizako kanthu, kupatula masiku amene ndili ndi kandalama kogulira mandasi, poti mayi a pakhomopo amakazinga. Lolemba lotsatira ngozi ija ndinafika pamenepo n'kuchepetsa liwiro. Ndinawerama ngati ndikumanga chingwe cha nsapato, koma maso ali pakhomo. Sindinali ndekha, panali kagulu ka ana ndi akuluakulu omwe, angoima, kuyang'ana nyumba ngati ikuonetsa kanema. Chitseko chinali chotseka, beseni la mandasi kulibe. Kuseri kwa nyumba kunali kamtsikana kakutsuka mbale. Katadzutsa mutu n'kuona kuti tikukayang'ana, kananyamula beseni lonse ndi madzi ake omwe n'kulowa nalo m'nyumba. Msinkhu wake ndi womwewo wa mwana amene tinamuika m'manda uja.

Tsiku lonselo m'kalasi sindinamve kanthu. Kamtsikana kaja sikadziwa kuyendetsa galimoto. Pa nthawi ya ngozi mwina kanali kudambo kapena kakusewera fulaye. Koma ndamva kuti kusukulu kwawo anzake akukatcha mwana wa wakupha, moti kangoleka kupita. Ana a pulayimale amenewo mawuwa anawatenga kuti? Anawamva kwa azichimwene awo ndi azichemwali awo, ndiye kuti kwa ife.

Ndikudziwa zimene ena mukunena mumtima pano. Mukuti ndikuikira kumbuyo munthu amene wapha mwana wa eni. Ayi ndithu. Pamaliro paja ine ndinalipo, ndinatunga madzi masiku awiri, ndipo kulira kwa mayi ake sindidzakuiwala. Ngati bambowo ankathamanga mopitirira muyezo, ngati anali atamwa, ngati ankadziwa kuti mabuleki ndi oonongeka koma n'kuikabe loleyo pamsewu, alandire chilango chonse chimene lamulo limapereka. M'malamulo a zapamsewu a dziko lino muli mlandu wopha munthu chifukwa choyendetsa galimoto mosasamala, ndipo anthu amamangidwa nawo. Ine sindikupempha kuti awamasule.

Koma amene amagamula kuti zinalidi choncho ndi bwalo la milandu, osati gulu la pa WhatsApp. Tinaphunzira mu Social Studies, ndipo amene tikulemba JCE chaka chino tinachita kuloweza. Malamulo aakulu a dziko lino, amene anakhazikitsidwa mu 1994, pa gawo 42 amati munthu woganiziridwa mlandu azitengedwa kuti ndi wosalakwa kufikira bwalo litamupeza wolakwa, ndiponso kuti akamangidwa azikaonekera kukhoti pasanathe maola 48. Gawo 21 limanena za ufulu wa munthu pa zinsinsi zake, kuphatikizapo kuti asamangosechedwa kapena kulandidwa katundu wake mwachisawawa. Nanga uja analowa m'lole ya eni n'kutulutsa kachikwama, anali wapolisi? Pa mayeso tikhoza kulemba zonsezi n'kukhoza bwinobwino, koma Loweruka lija palibe amene anazikumbukira, kuyambira ine.

Pali mfundo imodzi yotsutsana nane imene ndikuivomereza kuti ndi yolemera. Agogo anga anandiuza kuti nkhani ikakhala chete, wandalama amapulumuka. Anthu amaopa kuti akangotseka pakamwa, mlandu uzizira, mapepala asowa, ndipo mawa lomwelo aona munthuyo ali pachiwongolero ngati palibe chachitika. N'chifukwa chake amafuna dzina, amafuna nkhope, kuti asawazembe. Mantha amenewa ndimawamvetsa, ndipo sindikunena kuti dzina la dalaivala libisidwe kwa aliyense. Apolisi alidziwe. Abale a mwanayo alidziwe, ndi ufulu wawo. Mlandu wake ukambidwe poyera, ndipotu gawo 42 lomwelo limati milandu izizengedwa poyera. Aliyense akhoza kupita kukhoti la majisitireti, n'kukhala pabenchi, n'kumva yekha zimene mboni zikunena.

Ndiye ndinachita kafukufuku wanga wamng'ono. Ndinafunsa anzanga asanu a m'kalasi mwathu kuti mlanduwu ulowa liti m'khoti. Palibe amene anadziwa. Ndinafunsa ngati bambowo ali m'chitolokosi kapena anatuluka pa belo. Awiri anati ali mkati, awiri anati anatuluka, mmodzi anati anathawira ku Mozambique. Koma onse asanu ankadziwa dzina la mayi a kunyumba kwawo, ndipo atatu ankadziwa mpaka mudzi umene mayiwo amachokera. Aise, ngati cholinga chathu ndi kulondera chilungamo kuti chisabedwe, ndiye kuti tikulondera khomo lolakwika.

Mafunso amene akadatithandiza alipo, koma ndi osakoma kukamba pa buleki. Loleyo inkathamanga bwanji? Chikwangwani cholembedwa 50 chija, chimene chinagwa mvula ya chaka chatha, chinadzutsidwa? Bwanji pamalo pamene ana a pulayimale amawolokera tsiku ndi tsiku palibe mahampu kapena mizere yoyera ija? Tsiku la msika ogulitsa amayala tomato ndi kaunjika mpaka m'mphepete mwenimweni mwa phula, moti woyenda pansi amakakamizika kulowa mumsewu, ndani angawasunthe? Nanga loleyo inali ndi inshuwalansi? Funso limeneli ndi lalikulu kuposa onse kwa mayi oferedwa aja, chifukwa lamulo limafuna kuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale nayo, ndipo chipukuta misozi chimachokera kumeneko. Kaya alipo amene anawafotokozera zimenezi. Ife tomwe timawoloka msewu womwewo m'mawa ndi masana. Tikadziwa kuti dalaivala ali ndi ana angati, kodi tiwoloka bwino kuposa dzulo?

Za kuthawa kuja nazonso ndinenepo. Ambiri akuti kuthawa kwawo ndi umboni wakuti ankadziwa kulakwa kwawo. Ndinafunsa amalume, amene akhala akuyendetsa minibasi kuyambira ine ndisanabadwe. Iwo anandiuza kuti madalaivala onse amalangizana chinthu chimodzi: ukagunda munthu pamalo a anthu ambiri, thamangira kupolisi, usaime n'kuyamba kufotokoza, chifukwa gulu silifunsa. Ndipo tonse tamvapo pa wailesi za galimoto zotenthedwa ndi madalaivala omenyedwa ngozi ikachitika. Bambo ajanso anakapezeka kupolisi, anakadzipereka okha. Tsono taganizani. Dalaivala akathawa, galimoto imene inali pafupi kwambiri ndi wovulalayo imangoima, makiyi palibe, anthu n'kumadikira ina yoti imutengere kuchipatala. Sindikunena kuti mwana uja akadachira, zimenezo sindine dokotala. Ndikungoti miyala yathu ija ili ndi mtengo wake, ndipo amene amalipira si dalaivala yekha.

Ngakhale pa wailesi pali chizolowezi chimene chayamba kundidabwitsa. Nkhani ya ngozi ikamatha amatchula dzina, zaka, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Kwa womwalira ndimamvetsa, mwina pali abale akutali amene sanamve uthenga. Koma kwa munthu amene sanaweruzidwe, mudzi wake tikuufuniranji? Kumudziko kulibe lole. Kuli amayi ake okalamba ndi ana.

Makolo athu ali ndi njira yawo pa nkhani zoterezi, ndipo ndinaiona ndi maso pamaliro paja. Kunabwera akuluakulu awiri otumidwa ndi mwini lole. Sanalowe pakhomo mwachindunji, anayamba afika kwa amfumu. Amfumu anaitana eni mbumba, n'kukakhala nawo pansi pa mtengo wa mango, patali ndi khamu. Zimene anakambirana, zimene anabweretsa, kaya zinalandiridwa kapena zinabwezedwa, ndi za banjalo. Palibe amene anajambula. Palibe mwana amene analoledwa kuyandikira, ndipo ine nditayesa kudutsa chapafupi ndi ndowa yanga, azakhali anandiyang'ana diso limodzi lokha, ndinabwerera. Anthu amene mwana wawo anali m'bokosi anatha kukhala pansi ndi nthumwi za mbali inayo n'kulankhulana motsitsa mawu. Ife amene sitinataye kanthu ndi amene tikukuwa.

Pempho langa ndi laling'ono. Ngati chithunzi cha laisensi chija kapena cha kondakitala uja chikadali mu foni ya kwanu, chifufuteni, ndipo muuze amene anakutumizirani kuti nayenso afufute. Achimwene anga anayamba akana, amati foni ndi yawo ndipo bandulo amagula okha. Ndinawakumbutsa kuti kuyambira 2016 kuli lamulo loletsa kuzunza kapena kunyoza munthu kudzera pa foni ndi pa intaneti. Anaseka n'kunditcha loya, koma anafufuta. Ngati muli ndi mng'ono wanu ku pulayimale, mumufunse zimene akumuyitanira mnzake uja. Ndipo a Fomu 4, inu amene mumalemba bwino makalata, bwanji osatitsogolera tilembe imodzi yopempha mahampu, tisayine tonse, aphunzitsi aakulu akatiperekere kwa oyenera? Ine pepala ndili nalo.

Dzulo m'mawa ndinapeza beseni la mandasi latulukanso pamalo pake, lovundikira ndi kansalu koyera komwe kaja. Mayiwo anakhala pampando maso ali pansi. Kamtsikana kaja sindinakaone. Ndalama ndinalibe, ndiye sindinagule. Ndinangoti mwadzuka bwanji amayi, iwo anayankha, ine n'kupitirira chothamanga poti belu linali pafupi kulira.