Telesikopu siifera panja, imafera m'kabati

Usiku wa pa 27 July 2018 ndinali pabwalo kwathu kwa Kanduku, nditafunda bulangeti, m'manja muli binoculars ya 10x50 imene amalume anandibweretsera kuchokera ku Joni. Kunali kadamsana wa mwezi. Kuyambira cha m'ma 9:30 usiku mwezi unafiira ngati njerwa yootcha, ndipo unakhala choncho kwa mphindi 103, nthawi yaitali kuposa kadamsana wa mwezi aliyense wa m'zaka za m'ma 2000 zino. Chapambali pake pulaneti ya Mars inkawala kwambiri. Ana a pamudzi anandandalika pamzere, aliyense akufuna kusuzumira. Pofika pakati pa usiku magalasi anali atanyowa ndi mame. Ine, tulo tili m'maso, ndinangoipukuta ndi malaya, n'kuiponya m'kachikwama kake, n'kutseka zipi. Basi.

Ndinadzaitsegula mu January, mvula ili pakati. M'kati mwa galasi lakumanzere munali timizere toyera tonga ukonde wa kangaude. Chinali chuku. Mpaka lero mbali imeneyo imaonetsa nyenyezi ngati ndikuziona kudzera mu utsi.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndikudziwa kuti aphunzitsi ena sagwirizana nawo: chida choonera kuthambo chimene chili pasukulu kapena pakhomo chisamatsekeredwe m'kabati poopa kuti ana achiwononga. Chinyezi n'chimene chimawononga kwambiri, ndipo chimagwira ntchito yake bwino pamalo amdima, otsekeka, amene palibe akuyenderako. Ophunzira amene akumvetsa sayansi ya mame ndi chuku ndi alonda abwino kuposa loko.

Tiyambe ndi mame, poti ndi amene anandigwetsa. Mwina mumaganiza kuti mame amagwa kuchokera kumwamba ngati mvula. Ayi. Mpweya umene watizungulira umakhala ndi nthunzi ya madzi, ndipo ukazizira umalephera kusunga nthunzi yambiri. Usiku wopanda mitambo, galasi limene lalunjika kuthambo limataya kutentha kwake ndipo limazizira kuposa mpweya woyandikana nalo. Likazizira kufika pa mlingo umene mu Fizikisi timautcha dew point, nthunzi ija imasanduka timadontho pagalasipo. N'chimodzimodzi ndi botolo la Fanta lochokera mufiriji limene limachita thukuta mukaliika patebulo. Ndiye taonani vuto lake: usiku wabwino kwambiri woonera nyenyezi, wopanda mtambo ndi mphepo, ndi umenenso mame amachuluka.

Mankhwala ake ndi otchipa. Tengani katoni kapena pepala lolimba lakuda, mulipinde ngati paipi, mulivale kutsogolo kwa chidacho kuti litulukire kutalika kofanana ndi kukula kwa galasi kawiri. Kapaipi kameneka kamabisa galasi kuti lisayang'anizane ndi thambo lonse, motero limachedwa kuzizira. Mukamapuma, lozetsani chidacho pansi pang'ono. Mukalowa m'nyumba, musavundikire nthawi yomweyo. Chigonekeni pamalo opita mphepo, zivundikiro zili padera, mpaka m'mawa. Zimene ndinachita ine zotsekera madzi m'chikwama ndiye kulakwa kwakukulu pa zonse.

Nanga chuku chija chimadya chiyani pagalasi? Mu Bayoloje munaphunzira kuti fungi amafalikira ndi timbewu tosaoneka ndi maso touluka mumpweya. Tikagwera pagalasi timapeza chakudya pa fumbi, mafuta a zala zathu ndi girisi wa m'kati. Chinyezi cha mumpweya chikakhala chopitirira 70 peresenti kwa masiku angapo, kukutenthera, timamera. Kuno kwathu kuyambira November mpaka April nyengo imakhala yotereyi pafupifupi tsiku lililonse, ndipo mu June ndi July chiperoni chimabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza. Choopsa n'chakuti chuku chimatulutsa asidi amene amadya kachikuto kopyapyala kamene kali pamwamba pa galasi.

Kachikuto kameneka n'kamene kamachititsa galasi kuoneka lobiriwira kapena lofiirira mukaliyang'ana chammbali. Nthawi zambiri kamapangidwa ndi magnesium fluoride, ndipo kuchindikala kwake ndi pafupifupi ma nanomita 100, kutanthauza kuti mungafunike kusanja mazana angapo kuti mufike pa kukula kwa tsitsi limodzi. Galasi lopanda chikutochi limabweza pafupifupi 4 peresenti ya kuwala pa nkhope yake iliyonse. Binoculars ili ndi magalasi ambiri. Tiyerekeze kuti kuwala kukudutsa nkhope 10: chulukitsani 0.96 kakhumi pa kakyuleta yanu, mupeza 0.66. Gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala kwa nyenyezi latayika. Mwaona chifukwa chake kupukuta galasi ndi malaya a yunifolomu kuli mlandu? Fumbi la m'malaya muli mchenga, ndipo mchenga umakanda galasi.

Tsopano tinene kuti zavuta. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atawomba chigawo chakummwera, madenga ambiri anadontha, ndipo Mwanza linali limodzi mwa maboma okhudzidwa. Chida chikanyowa motero, choyamba chotsani mabatire ngati chili nawo, ndipo musachiyatse kuti muone ngati chikugwirabe ntchito, chifukwa magetsi akakumana ndi madzi amawononga tinjira ta m'kati. Chotsani zivundikiro, lamba ndi galasi loikapo diso ngati limachoka. Pukutani thupi lake ndi nsalu youma, koma magalasi musawakhudze. Kenako chiikeni pamthunzi popita mphepo kwa masiku angapo. Musachiyanike padzuwa la masana kapena pafupi ndi mbaula: kutentha kumasungunula girisi ndi kufooketsa guluu amene amamata magalasi awiri pamodzi, komanso galasi likhoza kusonkhanitsa kuwala kwa dzuwa n'kuyatsa moto. Ndipo musayerekeze n'kamodzi komwe kuyang'ana dzuwa ndi chida chilichonse chotere. Diso limapsa musanaphethire, ndipo silichira.

Chikauma, yambani mwauzira fumbi ndi kapampu kamphira kapena kulisesa ndi burashi yofewa yatsopano. Galasi lakunja limatsukidwa ndi thonje lonyowetsa pang'ono ndi isopropyl alcohol wa ku famase, kupukuta mopepuka kuchokera pakati kupita m'mphepete, thonje lililonse kamodzi basi. Sipiriti wapepo uja musagwiritse ntchito, amasiya utoto. Ngati ndi telesikopu ya kalilole, dziwani kuti aluminiyamu wake ali pamwamba pa galasi, osati kuseri ngati pa kalilole wodziyang'anira, choncho amakandika msanga. Kaliloleyo amatsukidwa pomuthira madzi okhala ndi dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira mbale, kenako kumutsukuluza ndi distilled water, madzi oyera aja amene amathira m'batire la galimoto. Werengani bwino botolo, musatenge asidi wa batire. Muimikeni chopendekeka kuti aume yekha. Madzi a pamjigo amasiya madontho oyera a mchere. Zomangira zachitsulo zimene zayamba dzimbiri zipakeni kadontho ka oyilo wa makina osokera, kutali ndi magalasi.

Pali malire amene ndikufuna muwalemekeze. Binoculars musaimasule. M'kati mwake muli ma prism amene anawakhazika mosamala kuti maso onse awiri aziona chithunzi chimodzi. Akangosuntha pang'ono, nyenyezi iliyonse muziiona pawiri, mutu n'kumapweteka. Chuku chikalowa m'kati n'kudya chikuto, palibe chotsukira chimene chingabwezeretse. N'chifukwa chake kuteteza kuli kofunika kuposa kukonza.

Kasungidwe kake sikafuna ndalama zambiri. Pezani ndowa ya pulasitiki yokhala ndi chivundikiro chothina, muikemo chida chouma bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel timene mumatipeza m'makatoni a nsapato zatsopano. Timayamwa chinyezi, ndipo tikakhuta mukhoza kukhuthula timibulu take m'chiwaya n'kutiwamba pamoto wochepa kuti tiume, kenako n'kutimanga m'kansalu. Mpunga umene anthu amaukhulupirira suyamwa mokwanira ndipo umabweretsa fumbi. Ndowayo ikhale pashelefu, osati pansi pasimenti kapena pakhoma lonyowa. Chikwama chachikopa chisungeni padera, chifukwa chikopa ndi munda wa chuku.

Ndamvapo aphunzitsi akunena kuti, "Chidachi tinachita kupatsidwa, chikasweka sitipezanso china." Nkhawa yawo ndi yomveka. Ana amagwetsadi zinthu, ndipo sukulu zathu zambiri sizingagule telesikopu ina. Koma funso langa ndi ili: chida chimene chakhala zaka zitatu m'kabati, n'kudzatuluka chili ndi ukonde wa chuku, chapulumutsidwa ku chiyani? Chafa popanda kuonetsako mwana ngakhale mmodzi mapiri a pamwezi. Ngakhale telesikopu yaikulu ya SALT ku Sutherland, South Africa, imene inatsegulidwa mu 2005 ndipo kalilole wake ndi wa zidutswa 91, imagwiritsidwa ntchito usiku uliwonse umene nyengo yalola. Akatswiri amangoyang'anira chinyezi n'kutseka denga chikakwera. Iwo amateteza chida chawo ndi chidziwitso komanso ndondomeko.

Ife tingachitenso zomwezo. Kalabu ya sayansi isankhe ophunzira awiri pa teremu, akhale ndi kope lolembamo tsiku limene chida chatuluka, amene wachitenga ndi mmene chabwerera. M'nyengo ya mvula azichitulutsa kamodzi pa sabata kuti chipitidwe mphepo, n'kuunika magalasi ndi tochi. Imeneyi ndi sayansi yeniyeni: kuona, kulemba, kuyerekeza.

Mu January 1610, Galileo Galilei anaona miyezi inayi ya Jupiter ndi chida chimene galasi lake linali laling'ono kuposa la binoculars yanga yodwala ija. Miyezi imeneyo, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, inunso mukhoza kuiona ngati timadontho pambali pa Jupiter mukatsamiritsa binoculars pamtengo kuti isagwedezeke. Mawa mukafika kusukulu, kafunseni mwaulemu ngati m'chipinda chosungira katundu muli chida chotere, ndipo mupemphe kuti muchiunike ndi tochi mvula isanayambe.