Kabuku ka Mwana Wopenya

Mwana ali yense wa sukulu ayenera kukhala ndi kabuku kolembamo makhalidwe a nyama, mbalame ndi tizirombo ta pafupi ndi mudzi wace. Kabukuko sikalira ndalama. Mapepala otsala m'buku lakale la masamu, osokedwa pamodzi ndi ulusi, akwanira. Lamulo lace ndi limodzi: alembe cimene maso ace anaona, osati cimene anangomva kwa ena.

Kalembedwe kace nkotere. Poyamba alembe tsiku, mwezi ndi malo, ndiponso ngati kunali mamawa kapena madzulo. Pamenepo alembe zimene camoyoco cinali kucita: cinadya ciani, cinabisala kuti, cinali cokha kapena ndi zinzace. Akapanda kudziwa dzina lace, ajambule cithunzi. Asadikire mawa, pakuti mtima uiwala msanga, ndipo pamalo pa coiwalikaco uikapo nthano.

Phindu la nchitoyi lioneka pa nkhani ya kadzidzi. M'midzi yambiri anthu amati mbalameyi ikalira padenga, pakhomopo pagwa maliro. Cifukwa cace anyamata aiponya miyala. Koma mwana wa kabuku akapita patsinde pa mtengo umene kadzidzi agonamo usana, adzapeza timibulu taubweya timene mbalameyo ilavula itatha kudya. Akaphwanya kamodzi ndi kamtengo, adzaona mafupa ndi mano a makoswe ndi mbewa. Akatero masabata angapo, nawerenga timitu tonse, nalemba, adzazindikira yekha kuti kadzidzi ndiye mlonda wa nkhokwe, wogwira nchito usiku wopanda malipiro. Mudzi umene upha akadzidzi uweta makoswe, ndipo makoswewo atha cimanga cimene ana akanadya m'miyezi ya njala.

Ena adzati, "Kodi umenewu si ulesi? Mwana angakhale bwanji pansi kuyang'ana mbalame, kumunda kuli nchito?" Funsoli nloyenera, pakuti udzu wa m'munda sudikira munthu. Koma mnyamata woweta mbuzi ali kuchire kale tsiku lonse, ndipo mtsikana woinga mbalame m'mapira ali nayo nthawi yopenya. Mizere itatu pa tsiku siiononga nchito. Ndiponso ulimi womwe upindula: iye amene alemba caka ndi caka tsiku limene mvula yoyamba inagwa, ndi limene inswa zinaturuka, adzadziwa nyengo za kwao koposa wongoganizira.

Kabuku kotere kangathe kuphunzitsa ngakhale anthu ophunzira kwambiri. M'caka ca 1960 mkazi wina wa ku England, dzina lace Jane Goodall, anafika ku nkhalango ya Gombe, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, m'dziko limene lero lichedwa Tanzania. Zida zace zinali kabuku, pensulo ndi magalasi oonera kutali. Kwa miyezi ingapo anyani akuru ochedwa chimpanzee anali kumthawa, koma iye sanaleke kupenya ndi kulemba. Tsiku lina anaona mmodzi alikulowetsa udzu m'bowo la culu, nauturutsa uli ndi ciswe, nadya. Pambuyo pace anawaonanso alikusadzula masamba pa timitengo kuti akolere nato ciswe. Kufikira nthawiyo ophunzira ambiri anali kuyesa kuti munthu yekha ndiye adzipangira zipangizo. Koma zolembedwa m'kabuku kaja zinawatsutsa.

Akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Wodekha aona zobisika, ndipo wolemba asunga zimene anaziona. Cotero mwana asankhe camoyo cimodzi ca pafupi ndi kwao, kaya namzeze, kaya birimankhwe, nacitsate mwezi wathunthu. Ndipo usiku umene kadzidzi adzalira padenga, iye adzakhala nao mau oona ouza anzace asanatole miyala.