Njerwa za ku Johannesburg m'Makina Aakulu a ku Geneva

SAYANSI NDI MAIKO A MU AFRICA: Gawo Lachitatu

M'mwezi wa April chaka cha 2025 kunalengezedwa kuti mphotho yotchedwa Breakthrough Prize, ya ndalama zokwana madola a ku America 3 miliyoni, yaperekedwa kwa akatswiri a sayansi ogwira ntchito pa makina aakulu a bungwe la CERN ku Geneva. Chimene chinadabwitsa ambiri chinali chiŵerengero cha oilandira. Sanali munthu mmodzi kapena atatu monga zimakhalira ndi mphotho ya Nobel, koma anthu oposa 13,000 ochokera m'maiko ambirimbiri, ndipo pakati pawo panali aphunzitsi ndi ophunzira a m'masukulu a ukachenjede a ku South Africa ndi ku Morocco.

Kodi dzina la munthu wa mu Africa limaloŵa bwanji m'kaundula wotere? Sililoŵa chifukwa cha chifundo cha ena, kapena chifukwa chakuti boma lapereka ndalama basi. Limaloŵa pamene gulu la anthu lasenza gawo lake la ntchito ndi kuligwira kufikira kumapeto. Nkhani ya gulu la pa Yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, imene ambiri amangoitcha Wits, ikuonetsa bwino m'mene zimenezi zimayendera.

Makina ogundanitsira mapulotoni

Makina otchedwa Large Hadron Collider, mwachidule LHC, ali m'ngalande yozungulira ngati mphete, yotalika makilomita 27, imene iri mamita pafupifupi 100 pansi pa nthaka m'malire a France ndi Switzerland. M'menemo amathamangitsamo tizinthu tating'onoting'ono totchedwa mapulotoni, timene timapezeka m'katikati mwa atomu iri yonse. Maginito amphamvu, oziziritsidwa kufika madigiri 271 pansi pa ziro, ndiwo amationgolera kuti tisapatuke, ndipo timazungulira mpheteyo koposa ka 11,000 pa sekondi imodzi. Tina timayenda kuloŵera uku, tina kuloŵera uko, ndipo pa malo anai amatikumanitsa kuti tigundane.

Mapulotoni akagundana, mphamvu yawo imasanduka tizinthu tina tatsopano, timene tambiri timasweka nthaŵi yomweyo tisanaonedwe ndi aliyense. Katswiri wa sayansi amakhala ngati mlenje amene nyama sanaione ndi maso, koma poyang'ana mapazi ake pa dothi atha kunena mtundu wake, kulemera kwake ndi kumene yaloŵera. Makina oŵerengera mapazi ameneŵa amamangidwa mozinga malo ogundaniranawo, ndipo aakulu koposa onse ndi ATLAS: mamita 46 m'litali, mamita 25 msinkhu, ndi matani 7,000 kulemera kwake. Makina a ATLAS pamodzi ndi anzake a CMS ndiwo anapeza kanthu kotchedwa Higgs boson, kamene kanalengezedwa pa 4 July 2012, patapita zaka 48 chiyambire pamene Peter Higgs, François Englert ndi anzawo analemba maganizo oloza za iko m'chaka cha 1964.

Chimene ambiri sadziŵa n'chakuti bungwe la CERN silimanga lokha makina ngati ATLAS. Ilo limasamala mphete ija ndi kupereka malo, koma makina oŵerengera amamangidwa ndi masukulu a ukachenjede ndi mabungwe ofufuza oposa 170 a m'maiko pafupifupi 40. Aliyense amatenga chiŵalo chake, nachipanga kwawo ndi ndalama za kwawo, kenaka nachitumiza ku Geneva kuti chikalumikizidwe ndi zinzake. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili ndi lolemera matani 7,000.

Gawo la Wits

Dziko la Morocco ndilo linayamba mu Africa kuloŵa m'gulu la ATLAS, m'chaka cha 1996. South Africa inakhazikitsa ndondomeko yake ya mgwirizano ndi CERN m'chaka cha 2008, moyang'aniridwa ndi bungwe la iThemba LABS, ndipo inaloŵa m'gulu la ATLAS m'chaka cha 2010. Gulu la pa Wits, limene mtsogoleri wake wodziŵika ndi Pulofesa Bruce Mellado, linaika mtima wake pa chigawo cha ATLAS chotchedwa Tile Calorimeter.

Ntchito ya chigawo chimenechi ndi kuyeza mphamvu ya tizinthu touluka kuchokera pa malo ogundanirana. Chinapangidwa posanjikiza zitsulo ndi timatabwa ta pulasitiki toposa 400,000. Kanthu kouluka kakamenya chitsulo kamabala tizidutswa tambiri, ndipo tizidutswato tikamadutsa m'pulasitiki, pulasitikiyo imaphethira kuŵala pang'ono. Kuŵalako kumayenda m'timaulusi kukafika ku zipangizo pafupifupi 10,000 zimene zimakusandutsa magetsi oti kompyuta iŵerenge. Kuŵala kukachuluka ndiye kuti mphamvu inali yaikulu.

Zipangizo zonsezi zimafuna magetsi, ndipo apa ndi pamene pali njerwa. Akatswiriwo amatcha njerwa tizipangizo tokwana m'chikhatho timene ntchito yake ndi kutsitsa mphamvu ya magetsi kuchokera pa mavolti 200 kufika pa mavolti 10. Magetsi amachokera m'chipinda china cha pansi pa nthaka, kutali ndi malo ogundanirana, ndipo amawatumiza ali pa mavolti 200 chifukwa magetsi okwera sataya mphamvu yambiri m'mawaya aatali. N'chifukwa chomwecho mawaya a pa mitengo italiitali ya magetsi amanyamula mavolti ochuluka kuposa a m'nyumba. Akafika m'kati mwa makina ayenera kutsitsidwa, ndipo chotsitsira chake ndi thiransifoma. Koma wophunzira aliyense wa sayansi ku sekondale adziŵa kuti thiransifoma sigwira ntchito ndi magetsi oyenda mosasinthasintha. Chotero njerwayo imayamba yadula magetsiwo ndi kuwalumikizanso koposa ka 100,000 pa sekondi imodzi, kenaka imawapititsa m'kathiransifoma kake, pomaliza n'kuwasalaza kuti atuluke odekha.

Chigawo chonse cha Tile Calorimeter chiri ndi mabokosi a magetsi 256, ndipo m'bokosi liri lonse mumakhala njerwa 8, kutanthauza kuti njerwa zonse ndi 2,048. Pa ntchito yokonzanso makina imene iri m'kati, gulu la Wits linapatsidwa udindo wopanga theka la njerwa zatsopano, ndipo theka linalo linapatsidwa kwa Yunivesite ya Texas ku Arlington m'dziko la America.

Chifukwa chake kanthu kakang'ono si kopepuka

Wina atha kuseka kuti pa makina olemera matani 7,000, Africa wapatsidwa kachipangizo kokwana m'chikhatho. Woseka chotero sanaimve mbiri ya LHC. Pa 19 September 2008, patangopita masiku 9 makinawo atayatsidwa koyamba, polumikizira magetsi pamodzi pakati pa maginito aŵiri panalephera. Ngozi imene inatsatira inachititsa kuti maginito 53 achotsedwe m'ngalande, ndipo ntchito yonse inaima kwa nthaŵi yoposa chaka. Anthu zikwizikwi anadikira chifukwa cha malo amodzi osalumikizidwa bwino.

Njerwa nazo ziri ndi mbiri yake. M'zaka zoyamba za ntchito ya ATLAS, mabokosi a magetsi a Tile Calorimeter ankazima okha kaŵirikaŵiri pamene kugundana kwa mapulotoni kunali kuchuluka, ndipo anasinthidwa ndi atsopano m'nyengo yopumitsa makina ya 2013 ndi 2014. Vuto ndi lakuti njerwa zimakhala m'kati mwa makina, m'malo a maginito amphamvu ndi cheza choononga zipangizo za magetsi. Makina akatsekedwa ndi kuyamba ntchito, munthu sangaloŵemo ndi sipanala kukakonza. Chimene chafa chimadikira miyezi yambiri kufikira nyengo yotsegula, ndipo pa nthaŵi yonseyo mbali ina ya makina imakhala ngati diso lotuwa.

Tsono zinthu zikunka zikulimba. Dongosolo limene CERN inalengeza m'chaka cha 2024 linaika chaka cha 2026 kukhala choyambira kupumitsa LHC kwa nthaŵi yaitali, ndi chaka cha 2030 kukhala choyambiranso ntchito makina atawonjezeredwa mphamvu. Pa nthaŵiyo timagulu ta mapulotoni tikakumana kamodzi, padzakhala kugundana kofika 200 nthaŵi imodzi, pamene m'zaka zapitazi kunali pafupifupi 60. Cheza chidzachuluka, ndipo zipangizo zakale sizingapirire. Njerwa zatsopano ziyenera kugwira ntchito m'malo otero kufikira cha m'ma 2040.

Pa chifukwa chimenechi, ntchito yaikulu ya ophunzira ndi amisiri a pa Wits si kupanga kokha koma kuyesa. Njerwa iri yonse imapimidwa payokha, kenaka imaikidwa m'makina oitenthetsa kopitirira muyezo kwa maola angapo iri m'kati mogwira ntchito. Cholinga ndi chakuti njerwa yofooka ifere ku Johannesburg, pamene munthu atha kuichotsa ndi dzanja, m'malo mokafera pansi pa nthaka ku Geneva. Zotsatira za njerwa iri yonse zimalembedwa ndi kusungidwa, kuti ikadzavuta patapita zaka, mbiri yake idzapezeke. Woumba mbiya amaigogoda isanapite ku msika. Kusiyana kwake n'kwakuti apa mbiya ziripo zoposa 1,000 ndipo iri yonse iyenera kulira chimodzimodzi.

Mau a otsutsa

Pali anthu amene amafunsa ngati dziko la mu Africa liyenera kuika ndalama pa zinthu zotere, ndipo funso lawo si lachibwana. South Africa ndi dziko limene achinyamata ambiri alibe ntchito, ndipo m'chaka cha 2023 magetsi ankazimitsidwa mosinthanasinthana pafupifupi tsiku ndi tsiku. Munthu amene wagona mumdima ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chake ana a dziko lake akukonzera magetsi makina a ku Ulaya. Kunena zoona, Higgs boson sidzatsitsa mtengo wa ufa, ndipo amene amalonjeza phindu la msanga pa kafukufuku wotere amanamiza anthu. N'zoona kuti njira yoŵerengera masamba pa intaneti inayambira ku CERN m'chaka cha 1989 ndi Tim Berners-Lee, koma mwayi wotere sugwa chaka ndi chaka.

Phindu lenileni liri pena. Njerwa zidzapita ku Geneva, koma luso lozipanga lidzatsala m'manja mwa amene anazipanga. Wophunzira amene wazoloŵera kupanga chipangizo choyenera kugwira ntchito zaka khumi popanda wochikhudza, ndi kufotokoza cholakwa chiri chonse pamaso pa akatswiri a maiko ena amene salekerera zodzikhululukira, ndiye munthu amene amafunika m'migodi, m'zipatala, m'makampani a lamya ndi m'nyumba zopangira magetsi. Dziko limene limangogula zipangizo limakhala lodikira mmisiri wakunja chinthu chikaonongeka. Dziko limene laphunzira kupanga ndi kuyesa limayamba kudziimira.

Komabe phindu limeneli silibwera lokha. Choyamba, ophunzira oterewa amafunidwa m'maiko olemera, ndipo ngati kwawo kulibe ntchito yoyenera maphunziro awo, adzapita ndi luso lawo. Chachiŵiri, ntchito yotere imayezedwa ndi zaka makumi, pamene ndalama za boma zimagaŵidwa chaka ndi chaka ndipo nduna zimasinthasintha. Gulu limene lalonjeza njerwa 1,000 n'kulephera kuzipereka pa nthaŵi yake silidzapatsidwanso udindo msanga. Walira mvula walira matope: amene wapempha malo pakati pa akuluakulu wavomera kuŵerengedwa monga iwo.

Kwa aphunzitsi ndi otsiriza sukulu

M'gulu la ATLAS muli lamulo lophunzitsa kanthu. Munthu watsopano salembedwa m'kaundula wa olemba zotsatira za kafukufuku kufikira atagwira ntchito yothandiza makinawo kwa nthaŵi yokwana pafupifupi chaka, ndipo akalembedwa, maina onse amandandalikidwa motsata zilembo, popanda kuika pulofesa patsogolo pa wophunzira. Woyesa njerwa ndi woŵerengetsa masamu ozama amaima pa mzere umodzi, chifukwa masamuwo sangakhalepo ngati njerwa yazima.

Mphunzitsi amene akujambula thiransifoma pa bolodi, m'sukulu yopanda chipinda choyesera sayansi, atha kuuza ana ake moona kuti phunziro lomwelo ndilo liri m'kati mwa makina aakulu koposa a mtundu wake pa dziko lonse. Wotsiriza sukulu amene zala zake zimakonda kumasula wailesi adziŵe kuti ntchito zotere zimafuna amisiri a magetsi ndi odziŵa kompyuta monga momwe zimafunira madokotala a sayansi. Khomo lina lilipo: sukulu ya African School of Physics, imene mmodzi wa oiyambitsa ndi Dr. Ketevi Assamagan wochokera ku Togo, inayamba ku Stellenbosch m'chaka cha 2010 ndipo yachitikapo ku Ghana, Senegal, Rwanda, Namibia ndi Morocco, kusonkhanitsa ophunzira a m'masukulu a ukachenjede ochokera m'maiko osiyanasiyana a mu Africa.

Makina akadzayatsidwanso, ngati njerwa za ku Johannesburg zidzagwira bwino ntchito, palibe nyuzipepala imene idzazitchula, pakuti chipangizo cha magetsi chimatchuka pokhapokha chikalephera. Amene anazipanga akudziŵa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake akuyesa njerwa imodziimodzi.

Gawo lotsatira lidzafotokoza za akatswiri a ku Cape Town ndi ntchito yawo pa makina a ALICE.