Mwana wa Mwini Bwato ndi Mizinga

M'tsinde mwa phiri la Zomba muli asilikali a ku Cobbe Barracks, mulinso ophunzira sayansi a ku Chirunga. Dziko la India linalumikiza magulu awiri otere mu 1958 pokhazikitsa bungwe la DRDO, pofuna kudzisulira lokha zida. Kumeneko Abdul Kalam, mwana wa mwini bwato, amenenso ankagulitsa nyuzipepala paubwana wake, anatsogolera ntchito yopanga mzinga wa Agni umene unayesedwa mu 1989.

Ena adzati mizinga sidyedwa, ndipo sakunama. Komatu chida chogula kunja chikathyoka chimadikira mlendo kuti adzachikonze. Tsono mphunzitsi wa masamu wa ku Kachulu, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, asawaderere ana a eni mabwato okhala kumbuyo m'kalasi mwake.