Foni ya wodwala khansa ikhale ya mabatani

Kwa zaka zambiri, Mmalawi wofunika chithandizo chowotcha khansa ndi makina, chija madokotala amati radiotherapy, ankadikira pa mndandanda wopita ku India kapena ku Lusaka. Ambiri adatsikira kuli chete dzina lisanatuluke. Mu 2025 chipatala cha khansa chidatsegulidwa pa Kamuzu Central pompano mu Lilongwe. Tithokoze. Koma amalawi anzanga, makina paokha sachiza munthu.

Chithandizochi si cha tsiku limodzi ayi. Mayi wa khansa ya khomo la chiberekero amayenera kupita Lolemba mpaka Lachisanu kwa masabata pafupifupi asanu, ndipo zonse zithe asanakwane masabata asanu ndi atatu. Akajomba, chotupa chimapeza mpata wophukanso. Pakati apo thupi limatopa, m'mimba mumatseguka, khungu limapsa. Usiku ku Mgona kapena ku Chinsapo, mayiyu afunsa ndani? Anansi angomuuza kuti, "Asisi, makinawo akukuphani, tiyeni kwa asing'anga."

Kumaiko a azungu adapanga ma app a pafoni. Wodwala amalemba mmene wadzukira, namwino nkuona msanga ngati zavuta, foni nkumukumbutsa tsiku la kuchipatala. Nzeru yabwino zedi. Komano tisangokopera ngati zinkhwe. App imafuna foni yodula, bandulo ndi Chingerezi. Mayi wogulitsa tomato pa Area 23 ali ndi kafoni ka mabatani, ndipo ndalama ya bandulo ndi yomwe ija ya minibasi yopitira kuchipatala.

Njira tili nayo kale. Chipatala cha pa Foni chidayamba ku Balaka mu 2011, anthu nkumayankhula ndi azaumoyo mwaulere, m'chinenero chawo. Nanga Airtel Money ndi Mpamba sizigwira pa foni ya mabatani? Tsono chingalephereke nchiyani kuti wodwala khansa alandire uthenga wa Chichewa madzulo aliwonse, ayankhe podina 1 kapena 2, namwino amuyimbire akajomba?

Inu ophunzira za makompyuta, musamangolota za Google. Kafunseni anamwino ndi odwala kaye musanalembe kanthu. Inu a Unduna wa Zaumoyo, lembani ntchito anthu oyankha mafoniwo, poti uthenga wopanda woyankha ndi ng'oma yolira kumanda. Nafe a pamsika, mnzathu akasowa pa benchi, timuyimbire, timusonkhere ya minibasi. Mutu umodzi susenza denga.