Mau a ndeke asatsekedwe, adindidwe

Pali anthu amene akuti zonse zimene ndeke imakambirana ndi oyang'anira pa bwalo zitsekedwe ndi encryption, kuti wapadera asamve kanthu. Ine ndikukana.

Vuto lilipo ndithu. Ndeke zambiri masiku ano zili ndi ADS-B, cipangizo cimene cimaulutsa pa 1090 MHz dzina la ndeke, pamene ili ndi liwiro lake. Uthengawo ulibe loko, ulibenso cidindo. Mu 2012 Andrei Costin anaonetsa pa msonkhano wa Black Hat ku Las Vegas kuti ndi zipangizo zochipa munthu angaulutse uthenga wa ndeke imene kulibe. Mau nawonso ali poyera, pakati pa 118 ndi 137 MHz, pamwamba pang'ono pa FM yathuyi. Mu 2016 ku Melbourne mnyamata wina anadziyesa woyang'anira, ndeke ina mpaka inaleka kutera.

Koma onani bwino. Pa nkhani ziwirizi coipa cinali bodza, osati kumvetsera. Ife a pa wailesi timadziwa kuti uthenga wa maliro subisidwa. Cimene timafunsa n'cakuti wautumiza ndani. Ndeke nayonso ifunika cidindo cotsimikizira mwini uthenga, uthengawo n'kukhalabe poyera.

Mukatseka, kiyi asunge ndani? ICAO ili ndi maiko 193. Ndeke yocokera ku Addis Ababa kapena ku Dubai ikayandikira Kenneth Kaunda International Airport kiyi yake itakana, izungulire m'mwamba kufikira liti? Ndiponso oyendetsa ndeke amapulumutsana pomverana pa frequency imodzi, aliyense adziwe pamene mnzake ali.

Palinso cina cimene ofuna loko sakamba. Mu August 2023, DEC itagwira ku Lusaka ndeke yocokera ku Cairo, muli madola mamiliyoni oposa 5, mfuti ndi golide wabodza, atolankhani anatha kulondola maulendo ake akale cifukwa ca uthenga woulutsidwa poyerawu. Kukanakhala loko, tikanangomva zimene akuluakulu afuna kutiuza.

Kudinda sikopepuka, ndikudziwa: uthenga wa ADS-B uli ndi mabiti 112 cabe, malo oikapo cidindo ndi ocepa. Pakali pano radar ndi multilateration zimathandiza kuona ngati ndekeyo ilidi pamene ikunena. Ndalama zipite kumeneko, ndi ku ZICTA kuti izigwira oulutsa mwacinyengo pa frequency za ndeke.