Kodi Makina Otsuka Galimoto Aononga Utoto M'nyengo ya Cisanu?

Caka ciri conse mwezi wa Novembala ukafika, pamene alimi a kuno ayang'ana kumwamba kuyembekeza mvula yoyamba, anthu a ku Canada, ku Britain, kumpoto kwa America ndi kumpoto kwa Japan ayamba kukonzekera cisanu. M'maiko amenewo kumazizira kwambiri kufikira madzi aundana pamseu, ndipo kumagwa cipale, comwe cioneka ngati ufa woyera koma cizizira koopsa. Nyengo imeneyi ikafika, eni agalimoto amatsutsana pa funso limodzi: kodi ncanzeru kulowetsa galimoto m'nyumba za makina otsuka magalimoto molipiritsa, kapena makinawo aononga utoto?

Munthu wa ku Katete kapena ku Petauke angafunse kuti nkhani ya cipale imkhudza bwanji. Imkhudza ndithu, pakuti magalimoto ambiri oyenda m'miseu ya dziko lino anayamba agwira nchito ku Japan kapena ku Britain, ndipo anafika kudzera pa madoko a Dar es Salaam, Durban ndi Walvis Bay. Mlimi amene wagulitsa cimanga, soya ndi nshawa kwa zaka zingapo kuti agule kavani, agula pamodzi ndi mbiri ya kavaniko. Ngati mwini wace woyamba anali kuopa kukatsuka m'cisanu, amene adzalipira mlanduwo ndi mlimiyo.

Yankho lace nlakuti makina otsuka angakande utoto pang'ono, koma kuleka kutsuka kumaononga galimoto yonse. Kuti zimenezi zimveke, ndi bwino kuyamba ndi mcere.

Madzi amaundana kuzizira kukafika pa madigiri 0, koma madzi a mcere amacedwa kuundana. Kaamba ka ici, maboma a maiko ozizira amamwaza mcere m'miseu kuti magalimoto asaterereke. Cigawo ca New Hampshire ku America cinayesa njira imeneyi m'caka ca 1938, ndipo lero America amwaza matani oposa 15 miliyoni pa caka. Canada amwaza pafupifupi matani 5 miliyoni. Ku Britain mcere wambiri wa m'miseu ucokera ku mgodi wa Winsford m'cigawo ca Cheshire, umene unatsegulidwa m'caka ca 1844. Ku Japan kale anthu anali kuyendera matayala okhala ndi timisomali, koma timisomalito tinali kupala mseu ndi kudzaza mizinda monga Sendai ndi Sapporo ndi fumbi. M'caka ca 1990 boma linapanga lamulo loletsa matayalawo, ndipo kuyambira pamenepo mankhwala osungunula madzi oundana anaculuka m'miseu ya kumpoto kwa dzikolo.

Mcere wamba umafooka mphamvu kuzizira kukafika pa madigiri 10 pansi pa ziro. Zikatero amamwaza mitundu ina ya mcere, calcium chloride ndi magnesium chloride. Mitundu iwiriyi iri ndi khalidwe loipa: imakoka cinyezi ca mumpweya, kotero kuti matope amene amatirira kunsi kwa galimoto sauma msanga. Mai ali yense adziwa zimene zimacitika ku supuni yacitsulo yoiwalika m'mcere wonyowa. Citsulo, madzi ndi mpweya zikakumana zimabala dzimbiri, ndipo mcere ukhalapo ngati munthu wosonkhezera moto.

Tsono utoto wa galimoto suli cinthu cimodzi. Pamwamba pa citsulo amayamba kupaka utoto wochinjiriza ku dzimbiri, kenaka utoto wosalaza, kenaka utoto wa mtundu umene maso aona, ndipo potsiriza amakutira ndi vanishi yoonekera ngati galasi. Kapakidwe kotere kanafala m'zaka za m'ma 1980. Vanishiyo ndi yopyapyala kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 20 a milimita, ndiye kuti theka la kucindikala kwa pepala lolembapo. Utoto wosabooka suopa mcere kwenikweni. Koma m'miseu ya cisanu amamwazamo mcenga ndi timiyala, ndipo matayala a magalimoto ena amaziponya ngati legeni. Kamwala kakaboola utoto kufika pa citsulo, madzi a mcere amalowa pabalapo, dzimbiri nkuyamba kuyenda kunsi kwa utoto monga ciswe ciyenda mkati mwa mtengo. Pamene mwini wace aona matuza pa citseko, nchito yoononga iri kale patali.

Anthu amene amakana makina otsuka ali ndi zifukwa zao, ndipo si bwino kuzinyoza. Coyamba, makina akale anali ndi maburashi olimba amene anali kuzungulira ndi kukwapula galimoto. A masiku ano ambiri ali ndi nsalu kapena thonje la pulasitiki lofewa, komabe nsalu yofewa imene yatola mcenga pa galimoto ya munthu wina imasanduka cokandira pa galimoto yotsatira. Cotuluka cace ndi timizere tozungulira timene timaoneka padzuwa, makamaka pa utoto wakuda. M'cisanu magalimoto amafika ali ndi mcenga wambiri, motero vutoli limakula.

Caciwiri, pali makina ena osakhudza galimoto konse, amene amangopopera madzi amphamvu ndi sopo. Awa sakanda, koma popeza palibe cokhula, sopo yao imakhala yaukali, ndipo imacotsa msanga phula limene mwini anapaka kuti lichinjirize utoto. Ndiponso amasiya litsiro lopyapyala pamwamba. Cacitatu, nyumba zambiri zotsukira zimabwezera madzi omwewo kuti zisunge ndalama. Kusefa kumacotsa matope koma sikucotsa mcere wosungunuka, ndipo ngati madzi otsukuluzira omaliza sali atsopano, galimoto ituluka itasamba mcere. Cacinai, galimoto yonyowa ikatuluka kunja kozizira, madzi amaundana m'maloko ndi m'mipira ya zitseko, munthu nkulephera kutsegula, kapena kung'amba mpira pokoka mwamphamvu.

Zonsezi nzoona. Koma munthu wanzeru amaika zoipa ziwiri pa sikelo naona colemera. Timizere ta pa vanishi timangocepetsa kunyezimira, ndipo mmisiri angaticotse popukuta ndi polishi, malinga ngati sacita kawirikawiri kufikira vanishi itha. Dzimbiri silipukutika. Mankhwala ace ndi kudula citsulo ndi kuwocherera cina, ndipo likadya mafupa a galimoto palibenso cocita. Coopsa koposa ncakuti silidya pamene maso aona. Limakonda kunsi: m'mapaipi a mabuleki, m'mapaipi a mafuta, m'masipuling'i, m'mphepete mwa matayala ndi m'felemu imene yanyamula galimoto yonse. Paipi ya mabuleki ikabooka pa citunda, palibe amene amafunsa ngati utoto unali wonyezimira.

Kukula kwa vutoli kunaoneka m'caka ca 2016, pamene kampani ya Toyota inavomera kuthetsa mlandu ku America ndi ndalama zofika pafupifupi madola 3.4 biliyoni, cifukwa ca mafelemu a magalimoto a Tacoma, Tundra ndi Sequoia amene anali kucita dzimbiri msanga. Nzoona kuti kuyambira m'ma 1980 makampani ambiri amakutira malata a galimoto ndi zinki, monga malata ofolerera nyumba, ndipo ici cinathandiza kwambiri. Koma zitsulo zakunsi zikali pa ngozi, ndipo mcere ukakhalitsa umapeza polowera.

Wina anganene kuti ndi bwino kutsuka ndi manja pakhomo. M'nyengo yofunda zimenezo nzoona, pakuti dzanja losamala liposa makina ali onse. Koma m'cisanu ca ku Toronto kapena ku Sapporo madzi a m'ndowa amaundana pa galimoto munthu asanapukute, paipi ya panja imakhala yotseka, ndipo madzi otayika pakhomo amasanduka poterera pothyola miyendo ya anansi. Kuonjeza apo, munthu sangagone pa cipale kuti atsuke kunsi kwa galimoto. Nyumba zotsukira zabwino ziri ndi mipope yopopera madzi kucokera pansi, ndipo m'cisanu phindu lao lenileni liri pamenepo. Nchito yotsuka magalimoto molipiritsa inayamba ku Detroit m'caka ca 1914, pomwe anthu anali kukankha galimoto ndi manja kuipititsa kwa wotsuka wina ndi wina. Masiku amenewo cinali cinthu ca ulemu cabe. M'dziko lomwaza mcere m'miseu, lero ciri ngati kuthira mafuta mu injini.

Cofunika tsono ndi kusankha bwino. Mwini galimoto ayenera kupaka phula cisanu cisanayambe, ndi kutseka mabala a timiyala ndi kautoto pang'ono. Asankhe nyumba yosamalika, imene imayamba kutsukuluza mcenga ndi madzi nsalu zisanakhudze galimoto, imene imatsuka kunsi, ndiponso imatsiriza ndi madzi atsopano. Apite tsiku limene kuzizira kwakwera pamwamba pa ziro, makamaka masana, ndipo akatuluka apukute mipira ya zitseko ndi maloko. Asathire madzi otentha pa galasi loundana, pakuti lingang'ambike. Alangizi ambiri amati kutsuka kamodzi pa masabata awiri nkokwanira pamene mcere uli m'miseu. Adziwenso kuti kusunga galimoto ya mcere m'garaja yofunda kumafulumiza dzimbiri, cifukwa madzi oundana amasungunuka ndipo mcere uyamba nchito yace. Wofuna utoto wopanda kamzere konse asankhe makina osakhudza, koma abwerezenso kupaka phula.

Nanga wogula wa kuno atengapo ciani? Makolo anati cikomekome ca mkuyu mkati muli nyerere. Galimoto imene sinalowepo m'makina ingafike pa Nakonde kapena pa Chirundu iri kunyezimira ngati ya dzulo, pamene kunsi kwace kwatha. Ina ingafike ndi timizere pa utoto koma mafupa ace ali olimba, ndipo yacitsulo colimbayo ndiyo yoyenera ndalama za mlimi. Wogula agwade ndi toci, kapena aikwezetse pa dzenje la makanika, aone felemu, mapaipi a mabuleki ndi pansi pa zitseko, atukule ndi kapeti ya ku buti. Acenjere ndi utoto wakuda watsopano wopoperedwa kunsi, pakuti nthawi zina umabisa zoola. Magalimoto ogulidwa pa misika ya okushoni ku Japan amakhala ndi pepala la oyendera, pomwe cilembo ca S cisonyeza dzimbiri, ndipo C cisonyeza citsulo codyeka. A ku Britain ali ndi mbiri ya mayeso a caka ndi caka a MOT, imene munthu angaione pa intaneti polemba nambala ya galimotoyo ya ku Britain, ndipo oyesa amalembamo akapeza dzimbiri. Wogula aumirire kuona zimenezi asanapereke ndalama. Safunsa anadya phula.

Ngakhale kuno kulibe cipale, phunziro lace ligwira nchito. Cisanu ca Juni ndi Julai cimabwera ndi fumbi, ndipo kupukuta galimoto ya fumbi ndi nsalu youma kumakanda utoto kuposa makina ambiri a ku Ulaya. Mnyamata wotsuka magalimoto ku Chipata kapena ku Lusaka amene amayamba ndi kutsanulira madzi, nasunga nsalu ya matayala payokha, ayenera kulipidwa bwino kuposa amene amaviika nsanza imodzi m'ndowa imodzi kuyambira m'mawa. Sopo ya ufa yocapira zobvala imacotsa phula ndi kufifiitsa utoto. Ndipo mlimi ali nao mcere wace: fetereza wotayikira kumbuyo kwa vani kapena pa ngolo akanyowa amadya citsulo mofanana ndi mcere wa m'miseu ya ku Canada. Wotuta matumba a fetereza mu Novembala asese ndi kutsuka tsiku lomwelo.

Motero amene anena kuti makina otsuka aononga utoto sananame, koma anena theka la nkhani. Utoto anaupaka kuti usunge citsulo. Munthu amene asiya citsulo kuola poopa kukanda utoto afanana ndi mlimi wosiya cimanga kudyeka ndi anankafumbwe cifukwa safuna kudetsa matumba ace atsopano ndi mankhwala. Abale amene akhala ku Britain ndi ku Canada atsuke magalimoto ao cisanu conse, mosankha malo ndi tsiku. Ogula a kuno naonso ayambe ayang'ana kunsi asanasirire pamwamba, pakuti galimoto imene idzanyamula odwala kupita ku cipatala ndi zokolola kupita ku msika imadalira zitsulo zakunsizo.